Mwana wa Liwiro Uja Anathera Kuti?

Pa chigayo cha pa Nsadzo nkhani sizisowa. Amayi akamadikira kuti mgaiwa utuluke, abambo atayedzeka njinga zawo pa mtengo, pamakambidwa za mitengo ya fodya, za malole odutsa pa chipata cha Cassacatiza kupita ku Chanida, ndi za mvula imene yachedwa. Koma Loweruka lina nkhani imene inagwira moto inali ya mtsikana wina wa m'mudzi wapafupi, amene zaka zingapo zapitazo dzina lake linali pakamwa pa aliyense.

Mtsikanayu ali ku pulayimale ankathamanga ngati gwape. Analibe nsapato, analibe womuphunzitsa weniweni, koma pa mpikisano wozungulira bwalo kambirimbiri ankasiya anzake onse, ndi anyamata omwe. Anakapambana ku boma ku Chifunde, kenaka anamutenga kukathamanga mu mzinda wa Tete pa masewera a ana a sukulu. Atabwerako anthu anayamba kumutchula kuti "Mutola wathu". Bambo ake, munthu wolima chimanga ndi fodya pang'ono, anagulitsa mbuzi ziwiri nakamugulira nsapato zothamangira ku Katete. Mwana anapita ku sekondale yogonera komweko, ndipo atamaliza analowa koleji ya zauphunzitsi kutauni. Anthu anatchera khutu ku wailesi kudikira tsiku limene adzamve dzina lake. Tsikulo silinafike. Chaka chatha mtsikanayu anabwerera kwawo ndi pepala la uphunzitsi m'chikwama, mendulo ayi.

"Mbuzi ziwiri zija zinangopita pachabe," anatero bambo wina pa chigayopo. "Liwiro lonse lija linathera m'mabuku."

"Chikomekome cha mkuyu," anavomereza mayi wina uku akupukuta ufa m'manja.

Bambo ake a mtsikanayo anali pomwepo, kuseri kwa matumba. Sanayankhe. Anamanga thumba lawo pa njinga nkumapita. Atafika kunyumba anauza akazi awo kuti mng'ono wake wa mtsikanayo, amene akumaliza pulayimale ndipo naye ndi waliwiro, sapita kulikonse. Ati manyazi a kamodzi ndi okwanira.

Mawuwa anafika m'makutu mwa aphunzitsi ena opuma ntchito, omwe aja anayamba kuona liwiro la mwanayu ndipo ankayeza bwalo la sukulu ndi mapazi awo. Madzulo a Lamulungu anatenga ndodo yawo ulendo kwa bamboyo. Atalonjerana nkukhala pa mpando, anafunsa funso limodzi.

"Achimwene, mwanayu munkamutchula kuti Mutola. Kodi nkhani ya Mutola mwiniwakeyo mukuidziwa bwino?"

"Ndani saidziwa, aphunzitsi? Anatenga golide."

"Eya, anatenga. Koma anatenga liti?"

Apa mpamene pagona nkhani. Anthu ambiri amakumbukira tsiku la chikondwerero lokha, osakumbukira zaka zimene zinadutsa lisanafike.

Maria de Lurdes Mutola anabadwa pa 27 Okutobala 1972 ku Chamanculo, mu mzinda umene lero ndi Maputo. Ali wamng'ono ankasewera mpira wa miyendo ndi anyamata. Amene anaona kuti miyendo imeneyi ndi ya liwiro anali mlakatuli wotchuka José Craveirinha, ndipo mwana wake, Stélio, ndiye anayamba kumuphunzitsa kuthamanga. M'chaka cha 1988, ali ndi zaka 15 zokha, anapita ku masewera a Olimpiki ku Seoul kukathamanga mtunda wa mamita 800, kumene kuli kuzungulira bwalo kawiri. Anagonja m'chigawo choyamba. M'chaka cha 1990 anakhala katswiri wa Africa ku Cairo. M'chaka cha 1991 bungwe la Olimpiki linamuthandiza kupita ku America, kumene analowa sukulu ya sekondale ya Springfield m'dera la Oregon, nayamba kuphunzitsidwa ndi mayi wina dzina lake Margo Jennings. Chaka chomwecho, akali mwana wa sukulu, anakhala wachinayi pa mpikisano wa dziko lonse ku Tokyo. Anthu anati basi, chaka chamawa golide ndi wa Mozambique.

Aphunzitsiwo akukumbukira bwino chaka cha 1992. Nthawi imeneyo anali ku Ukwimi, m'boma la Petauke ku Zambia, kumene anthu ambiri a mbali ino anathawira nkhondo. Chinali chaka cha chilala choopsa, ndipo pangano la mtendere la pa 4 Okutobala linali lisanasainidwe ku Rome. Anthu ankasonkha mabatire kuti amvere kawailesi kamodzi. Uthenga utafika woti mwana uja wathera pa nambala 5 ku Barcelona, ndipo golide watengedwa ndi Ellen van Langen wa ku Netherlands, ena anadzuka nkumapita mwakachetechete. Mkulu wina anati ku America kwamuwononga mwana. Mtsikanayo apo nkuti ali ndi zaka 19.

Chaka chotsatira, 1993, anakhala katswiri wa dziko lonse ku Stuttgart. M'chaka cha 1994 ku Zürich anathamanga mamita 800 m'mphindi imodzi ndi masekondi 55.19, liwiro limene sanalipitirirenso moyo wake wonse. Koma m'chaka cha 1995 ku Gothenburg anamuchotsa mu mpikisano chifukwa choponda mzere wa njira yake, iye ali woyembekezeka kupambana. Patangopita masabata ochepa, ku Brussels, anakhala mkazi woyamba kuthamanga mamita 1,000 mosakwana mphindi ziwiri ndi theka. Ku Atlanta m'chaka cha 1996 aliyense anati tsopano nthawi yakwana, koma anakhala wachitatu, kumbuyo kwa Svetlana Masterkova wa ku Russia ndi Ana Quirot wa ku Cuba. Imeneyo inali mendulo yoyamba ya Olimpiki m'mbiri ya Mozambique, komabe alipo amene anaiona ngati kugwa. M'chaka cha 1997 anakhala wachitatu ku Athens, m'chaka cha 1999 wachiwiri ku Seville. Golide wa Olimpiki anabwera ku Sydney m'chaka cha 2000, pa ulendo wake wachinayi, ali ndi zaka 27, patadutsa zaka 12 chichokereni ku Seoul.

"Ndiye tandiuzani, achimwene," anatero aphunzitsiwo. "Mukanakhala inu woweruza mlandu wa Mutola, mukanagamula chaka chiti? Mu 1992 mukanati walephera. Mu 1993 mukanati wapambana. Mu 1995 mukanati wataya mwayi. Munthu mmodzi yemweyo."

Bamboyo anakanda m'mutu. "Komatu iye anafika, aphunzitsi. Wangayu sanafike."

"Sanafike kuti? Ndipo ananena kuti akupita kumeneko ndani, iyeyo kapena anthu a pa chigayo?"

Funso limeneli ndi lofunika kwa kholo lililonse. Chiyembekezo chimene mudzi umasenzetsa mwana nthawi zambiri sichichokera kwa mwanayo. Chimachokera kwa anthu amene anamuona akupambana ana makumi awiri a sukulu imodzi, nayesa kuti dziko lonse ndi lalikulu ngati bwalo limenelo. Wopambana pa Nsadzo akafika ku Chifunde amakumana ndi opambana a ku Mualadzi ndi madera ena. Akafika ku Tete amapeza a ku Angónia, a ku Macanga, a ku Moatize, aliyense ngwazi ya kwawo. Akapitirira apo amakumana ndi a zigawo zonse za dziko. Pa sitepe iliyonse wopambana amakhala mmodzi, ena onse amabwerera. Sikuti obwererawo liwiro lawachepera. Bwalo ndilo lakula.

Mawerengero ake ndi awa. Chilandirire ufulu m'chaka cha 1975, dziko la Mozambique lapata mendulo ziwiri zokha za Olimpiki, ndipo zonsezo ndi za Mutola. Zambia ili ndi zitatu: ya Keith Mwila wankhonya mu 1984, ya Samuel Matete mu 1996, ndi ya Muzala Samukonga ku Paris mu 2024. Pakati pa Matete ndi Samukonga panadutsa zaka 28. Malawi sanapatepo ngakhale imodzi. Tsono ngati muyeso wa mwana wa m'mudzi ukhala Mutola, ndiye kuti ana onse a maiko atatuwa, kupatula anayi, ndi olephera. Muyeso wotere ndi wokhota.

Aphunzitsiwo anatchulanso dzina lina limene anthu ambiri analiiwala: Argentina Paulino, amene ambiri ankamutchula kuti Tina. Pa masewera a Commonwealth ku Kuala Lumpur m'chaka cha 1998, pa mtunda womwewo wa mamita 800, woyamba anali Mutola ndipo wachiwiri anali Paulino, onse a Mozambique. Kukhala wachiwiri pakati pa maiko ochuluka chotero si chinthu chamasewera. Koma popeza anathamanga mu mthunzi wa mnzake, lero pa chigayo palibe amamutchula. Kodi ameneyu nayenso anachititsa manyazi?

Nanga tsidya lija la Malawi? Catherine Chikwakwa anapita ku Olimpiki ya ku Sydney m'chaka cha 2000 ali ndi zaka 15, msinkhu womwe Mutola anapitira ku Seoul. Iye mtunda wake unali wautali, mamita 5,000, kumene kuli kuzungulira bwalo maulendo 12 ndi theka. M'chaka cha 2004, pa mpikisano wa achinyamata a dziko lonse ku Grosseto m'dziko la Italy, anatenga mendulo ya siliva, kumbuyo kwa Meselech Melkamu wa ku Ethiopia. Chaka chomwecho ku Olimpiki ya ku Athens sanafike mu ndime yomaliza. Mendulo ya Olimpiki sanaipate. Koma kodi pali munthu wanzeru zake amene angaime nkunena kuti mtsikana amene anakhala wachiwiri pa dziko lonse pakati pa a msinkhu wake anawononga nthawi? Ana awiri anayamba pa msinkhu umodzi, wina anafika pamwamba penipeni, wina anafika pamene anafika. Onse anathamanga ndi mtima wonse.

Pali zifukwa zodziwika zimene zimachititsa kuti ngwazi ya ku sukulu isapitirire monga anthu amayembekezera. Ana sakula mofanana. Wina thupi limakhwima msanga, ndipo pa zaka 14 amaoneka ngati chimphona pakati pa anzake. Pofika zaka 19 anzake aja amupeza. Kwa atsikana, thupi likamasintha pa kutha msinkhu liwiro limatha kuima kapena kubwerera m'mbuyo kwa kanthawi, ndipo pamafunika womuphunzitsa wodekha kuti mwana asataye mtima. Wothamanga mtunda wautali amadalira magazi okwanira, pakuti magazi ndiwo amanyamula mpweya kupita ku minofu. Malungo akamugwira kawirikawiri, kapena chakudya chikakhala nsima ndi nyemba zosakwanira, magazi amachepa ndipo miyendo imalemera. Kuthamanga kwambiri pa msewu wouma ndi nsapato zakutha kumapweteka misongolo ndi mawondo. Palinso nyengo: mwana wokulira kumtunda kuno akatsikira ku chigwa cha Zambezi amapeza kutentha kumene miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, ndipo nthawi yoyeserera imangotsala mbandakucha.

Ku America kumene Mutola anapita, makoleji ambiri amalipirira maphunziro a mwana chifukwa cha liwiro lake, ndipo amamupatsa womuphunzitsa, bwalo labwino, chakudya ndi dokotala. Samuel Matete wa ku Chingola, amene anakhala katswiri wa dziko lonse mu 1991 pa mpikisano wodumpha zotchinga wa mamita 400, anadzera njira imeneyo pa yunivesite ya Auburn. Ngakhale kumeneko, ngwazi zambiri za ku sekondale zimakathera pakati pa gulu. Nanji mwana amene wapita ku koleji kumene ntchito yake nkuphunzitsa anthu uphunzitsi, osati liwiro? Pofuna kuweruza zokolola, munthu amayamba wafunsa kuti m'mundamo munathiridwa chiyani. Sungathire feteleza wa ndowa imodzi nkumayembekeza ngolo khumi.

Nkhani ili mkati, mwini wake anatulukira kuchokera kumadzi. Anatula ndowa, nagwada kupereka moni kwa aphunzitsi ake akale. Iwo anamupempha kuti akhale pansi afotokoze yekha, pakuti chibwerereni palibe amene anamufunsapo.

"Atate," anatero mtsikanayo maso ali pansi, "kuno ndinkapambana koma palibe ankadziwa kuti ndathamanga mphindi zingati, chifukwa panalibe wotchi. Kutauni ndiko ndinayamba kuyezedwa. Chaka choyamba ndinkatsalira kutali. Chaka chachiwiri ndinadwala malungo kawiri, mwendo nkutupa, ndinakhala miyezi itatu osathamanga. Chaka chomaliza ndinathamanga liwiro limene sindinalifikepo chibadwire, koma ndinathera pa nambala 6. Ndinkachita manyazi kukuuzani, chifukwa kuno nambala 6 ndi kulephera. Tsiku la mpikisano wina waukulu linagundana ndi mayeso. Ndinasankha mayeso."

"Bwanji sunanene, mwana wanga?"

"Mukanamva, atate? Aliyense ankangofunsa kuti mendulo ili kuti."

Panakhala bata. Mayi ake amene ankamvetsera ali pa khomo la khitchini anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

Zimene ananena mtsikanayu zikusonyeza kuti pali miyeso iwiri. Wina ndi wa nambala: wakhala wachingati? Wina ndi wa wotchi: kodi lero wathamanga kuposa dzulo? Muyeso woyamba umadalira amene wabwera pa mpikisano tsikulo, ndipo mwana alibe nawo mphamvu. Wachiwiri ndiwo uli m'manja mwake. Mutola yemweyo ku Athens m'chaka cha 2004 anathera pa nambala 4, golide natengedwa ndi Kelly Holmes wa ku Britain amene ankayeserera naye limodzi. Kusiyana kwa woyamba ndi wachinayi tsiku limenelo sikunakwane ngakhale theka la sekondi, kuphethira kwa diso chabe. Pa pepala analemba kuti alibe mendulo. Wotchi inanena kuti anali pomwepo. Ndipo chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu 2003, anali atapambana yekha mphoto ya madola 1 miliyoni ya mipikisano ya Golden League. Anathamanganso ku Beijing mu 2008, Olimpiki yake yachisanu ndi chimodzi, nakhala wachisanu, malo omwe aja a ku Barcelona. Nthawi imeneyi palibe anati walephera.

Izi sizikutanthauza kuti mwana aliyense wobwerera chimanjamanja ngosalakwa. Alipo amene amapatsidwa mwayi nkuutaya okha ndi mowa, ulesi ndi kudzimva. Kholo limene lagulitsa mbuzi lili ndi ufulu wofunsa kuti zinayenda bwanji, ndipo mwana ayenera kuyankha mosabisa. Koma kufunsa nkosiyana ndi kugamula. Mafunso oyenera ndi akuti: kodi anapitiriza kulimbikira? Kodi anapita patsogolo poyerekeza ndi pamene anayambira? Anapatsidwa chiyani, ndipo anachita nacho chiyani? Wabwera ndi chiyani m'manja chimene chingathandize iye ndi ena? Amene wayankha bwino mafunso amenewa sanachititse manyazi munthu aliyense, ngakhale wailesi isanamutchulepo.

Akuluakulu anati kuthamanga sikufika. Ambiri amautenga mwambiwu ngati chenjezo kwa opupuluma, ndipo nzoona. Koma ukunenanso kuti malo ofikira si amodzi. Liwiro la mtsikanayu ndilo linachititsa aphunzitsi kumuona, ndilo linachititsa bambo ake kulimba mtima kumutumiza ku sekondale pamene anzake a msinkhu wake ankalowa m'banja. Mwa atsikana amene anayamba nawo kalasi yoyamba, ndi ochepa amene anafika ngakhale ku sekondale. Iye lero akulandira malipiro mwezi ndi mwezi, ndipo feteleza wa chaka chino pa munda wa bambo ake wagula ndi iyeyo. Mutola naye atasiya mipikisano sanakhale pansi kuwerenga mendulo. Bungwe lake la Fundação Lurdes Mutola linakhazikitsidwa kuti lithandize achinyamata pa maphunziro ndi masewera, ndipo iye anaphunzitsapo Caster Semenya wa ku South Africa pokonzekera Olimpiki ya ku London ya 2012. Wothamanga akatopa amapatsira ndodo wina.

"Mbuzi zanu ziwiri zija, achimwene," anatero aphunzitsiwo akudzuka, "sizinagule mendulo, nzoona. Koma tawerengani bwino zimene zinagula. Ndipo wamng'onoyu musamulange chifukwa cha pakamwa pa anthu a pa chigayo. Iwo sanasonkhepo ngakhale nkhuku."

Bamboyo anawaperekeza mpaka pa mphambano osanena kuti avomera kapena akana. Anangoti, "Ndamva, aphunzitsi. Muyende bwino."

Lachitatu m'mamawa, popita kudimba, anadzera njira ya kusukulu. Pa bwalo anapeza mwana wawo wamkulu ali ndi chingwe chimene anachiyeza mamita 50, akuchitambasula maulendo asanu ndi atatu kuzungulira bwalo kuti akwanitse mamita 400, ana akukhoma zikhomo m'mbuyo mwake. Atamaliza anatulutsa foni, natsegula wotchi yake, nkuimba mluzu. Ana oposa makumi atatu anauyatsa liwiro, fumbi koboo. Pomaliza mphunzitsiyo sanangotchula woyamba. Mwana aliyense anamuuza nthawi yake nailemba m'kope, kuti sabata yamawa adzaone ngati wadziposa yekha. Amene anali patsogolo anali mng'ono wake uja, wopanda nsapato.

Bamboyo anaima kanthawi khasu lili paphewa. Kudimba anafika mochedwa tsiku limenelo. Madzulo akazi awo anawapeza atatsamira khola, akuwerenga mbuzi.

"Mukuwerengeranji, abambo ake?"

"Ndikuona ngati zingakwane," anayankha. "Nsapato masiku ano zakwera mtengo ku Katete."